Pokaona Mbalame ku Dambo, Cenjerani ndi Likodzo

Caka ciliconse, m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, ku madambo athu kumafika timbalame ta miyendo itali-itali tocokera ku Europe ndi kumpoto kwa Asia. Tina mwa ito ndi wood sandpiper, ruff ndi little stint. Timathawa cisanu ca kwao, ndipo timadya nyongolotsi ndi tizilombo ta m'matope. Pofika Malichi ndi Epulo timabwerera kukaikira mazira. Ku Lochinvar, pafupi ndi Monze, kumapezeka mitundu ya mbalame yoposa 400, koma ngakhale pa damu la kufupi ndi komboni yanu mungatione.

Kuyenda pansi kukaona mbalame kumalimbitsa mtima ndi kupumitsa maganizo. Koma makolo, kumbukirani izi:

1. Musalole ana kusamba kapena kuponda m'madzi osayenda. Tizilombo ta likodzo timacoka mu nkhono za m'madzi ndi kulowa m'thupi poboola khungu. Imani pouma.

2. Pitani m'mawa dzuwa litatuluka. Udzudzu wa malungo umaluma kwambiri kuyambira madzulo kufikira mbandakuca.

3. Musagwire kapena kudya mbalame imene mwapeza yakufa. Mbalame za m'madzi zimatha kunyamula cimfine ca mbalame, cimene cimapha nkhuku ndipo nthawi zina cimagwira anthu.

4. Tengani madzi akumwa owiritsa kucokera kunyumba.

Mwana akayamba kukodza magazi, musacedwe: pitani naye ku cipatala. Likodzo limacira ndi mankhwala ochedwa praziquantel.