Phunziro: Kodi Mafuta Ophikira Akada Angayerenso?

Amayi anzanga, ambiri a ife timakazinga mandasi, zitumbuwa kapena chipisi kuti tipeze ya sopo ndi ya fizi. Mafuta ndi okwera mtengo, choncho akada timachita nawo chisoni kuwataya. Ena anamva kuti makala kapena dothi zimayeretsa mafuta. Tiyeni tione zoona zake.

Zimene amachita kufakitale

Mafuta a soya, mpendadzuwa kapena mtedza akangofinyidwa amakhala odera ndiponso afungo. Kufakitale amawatenthetsa mpaka pafupifupi madigiri 100 m'thanki yochotsedwa mpweya, n'kuthiramo dothi lapadera lotchedwa bentonite limene lakonzedwa ndi asidi. Nthawi zambiri dothi la kilogalamu 1 kapena 2 limakwanira mafuta a makilogalamu 100. Mwina amaonjezeranso makala apadera otchedwa activated carbon. Zinthu ziwirizi zili ndi timaenje tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo zodetsa mafuta zimakakamira m'menemo monga chisoso chikakamira pa chitenje. Akatero amasefa, dothi lija n'kutsala nazo zoipazo.

Nanga kunyumba?

Makala a pambaula si omwewo. Timaenje take n'tochepa, ndipo amasiya phulusa ndi zotsalira za utsi m'mafuta. Dothi la pachulu kapena la kudambo nalonso lingabweretse zoipa zambiri kuposa zimene lingachotse.

Koma chachikulu ndi ichi: mafuta akatenthedwa kambirimbiri, amaonongeka eni akewo. Si kuti mwangogwera zinyalala ayi. Moto, mpweya ndi madzi ochokera m'chakudya zimawasandutsa, ndipo zina zimene zimapangikamo n'zovulaza thupi tikamazidya kawirikawiri. Vitamini A amene amathiridwa m'mafuta ogulitsidwa m'dziko muno nayenso amachepa. Nsalu ingachotse nyenyeswa, koma singabweze mafuta opsa. Mafuta kuoneka oyera si umboni wakuti ali bwino.

Zoyenera kuchita

1. Musalole mafuta kufuka utsi. Chepetsani moto.
2. Pokazinga, muziwolamo nyenyeswa zisanapserere.
3. Mafuta akazizira, asefeni ndi nsalu yoyera youma.
4. Asungeni m'botolo lotseka bwino, pamalo ozizira opanda dzuwa.
5. Musasakanize mafuta atsopano ndi amene anada kale.
6. Akayamba kuchita thovu, kunanda, kununkha kapena kufuka utsi msanga, ntchito yawo yatha. Musaphikirenso, ndipo musapatse mnzanu kuti athire m'ndiwo.

Kumbukirani kuti ambiri amene amagula mandasi athu ndi ana a sukulu. Iwo sadziwa kuti mafutawo akazingira kangati. Amene tikudziwa ndife.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ife timagwiritsa ntchito mafuta kangati tisanawasiye?
2. Tingaike bwanji mtengo wa mandasi kuti kugula mafuta atsopano kusatidyere mpamba?
3. Tingamulangize bwanji mwaulemu mnzathu amene akukazingira mafuta akuda bii?