PHUNZIRO: KUPIMITSA MWANA ASANABADWE

Kuwerenga: Yohane 9:1-3, Masalmo 139:13-16, Luka 1:39-56

Mau oyamba

Kale mai wapakati ankadikira tsiku lochira kuti adziwe za mwana wake. Lero ku sikelo amatenga magazi ndi kuunika m'mimba ndi makina a sikani. Akaona chokayikitsa kuno ku Chongwe, amatha kumutumiza ku UTH ku Lusaka. Ambiri amabwerako pepala lili m'manja, mtima uli phaphapha. Ena sauza ngakhale amuna awo poopa kunenedwa. Ena amaleka sikelo, amati kuli bwino osadziwa. Kodi ife a Chigwirizano tiwathandiza bwanji?

1. Kodi amapima chiyani?

M'chaka cha 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mai wapakati aonedwe kasanu ndi katatu, ndipo aunikidwe kamodzi pakati pasanakwane masabata 24. Sikani imaonetsa kukula kwa mwana, mapasa, ndi zilema zina.

Pali matenda a sickle cell. Mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mai angathe kukhala nacho chibadwa chimenechi m'magazi koma osadwala konse. Onse akakhala nacho, pa pakati palipose mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi. Magazi a makolo ndiwo amaonetsa zimenezi. M'chaka cha 2021 anayamba kupima makanda ku UTH ndi ku Arthur Davison ku Ndola. Mwana wodziwika msanga amalandira penicillin ndi katemera, ndi kutetezedwa ku malungo.

Palinso Down syndrome. Mwana amabadwa ndi ma chromosome 47 m'malo mwa 46. Mpata wake umakula mai akapitirira zaka 35. Dziwani kuti kupima koyamba kumangonena za mpata, sikugamula. Amai ambiri ouzidwa kuti mpata ndi waukulu amabereka ana opanda vutoli.

2. Anachimwa ndani?

Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, anafuna kudziwa wolakwa, kaya iyeyo kaya makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri, nawalozera ku ntchito za Mulungu. Funso la ophunzira lija likadali m'midzi mwathu, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera mai. Apongozi amati matendawa achokera kuchikazi. Ena amati ndi ufiti, kapena kuti mai anayenda njira zosayenera. Zimenezi si zoona, ndipo zapasula mabanja.

Davide akutikumbutsa kuti Mulungu amamudziwa mwana akadali m'mimba. Makina amaona zimene Mulungu anaziona kale. Kwa ife Akhristu, kupimitsa si kusankha mwana woyenera kukhala ndi moyo. Ndi kukonzekera kumulandira: kudziwa chipatala choyenera kuchilirako, mankhwala ofunika, ndi kukhazikitsa mtima pansi.

3. Udindo wa Chigwirizano

Mariya atamva nkhani yolemera, sanaisenze yekha. Anapita kwa Elizabeti nakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Ifenso tikhale a Elizabeti motere:

(a) Tilimbikitse atsikana athu kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, osadikira kuti pakati paoneke.

(b) Bambo apite nawo. Akamva yekha kwa adokotala, sadzaloza mkazi wake chala.

(c) Mai afunse anamwino mopanda manyazi: Mukupima chiyani? Zotsatira zikutanthauza chiyani? Ali ndi ufulu wofunsa, ndiponso wovomera kapena kukana.

(d) Tisunge chinsinsi. Nkhani ya mnzathu isasanduke miseche yovala chovala cha pemphero.

(e) Alangizi auze okonzekera ukwati za kupimitsa sickle cell.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani amai ena amabisa zotsatira za ku sikelo?
2. Mpongozi wanu atakuuzani kuti mwana ali ndi vuto, mau anu oyamba angakhale otani?
3. Kodi pa mpingo pathu pali mai wolera mwana wolumala amene sitinamuyenderepo?

Pemphero

Atate, mumadziwa mwana aliyense asanabadwe. Limbikitsani amai amene akudikira zotsatira ndi mantha. Patsani nzeru madokotala ndi anamwino. Tikhululukireni pamene tinaweruza m'malo motonthoza. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.