PHUNZIRO 14: UTOTO WA M'NDIWO NDI NTHENDA YA SHUGA

M'mamawa, dzuwa lisanakwere, amai a ku Kanyama ndi ku Chawama amapita ku msika wa Soweto kukagula ndiwo zokagulitsa m'makomboni. Pa matebulo ao paoneka matimati ofiira, maungu ndi mapapaya acikasu, ndiponso cibwabwa, kalembula, bondwe ndi repu zobiriwira. Maonekedwe amenewa sangokondweretsa maso cabe. Ali ndi nchito m'thupi la munthu.

Utoto wacikasu ndi wofiira wa m'ndiwo zimenezi dzina lace ndi makarotenoidi. Dzinali licokera ku karoti, pakuti m'caka ca 1831 Mjeremani wina, Heinrich Wackenroder, anatulutsa utoto wotere m'karoti, naupatsa dzina lakuti karotini. M'masamba obiriwira ulimonso, koma wabisala. Tsamba likakalamba ndi kusanduka lacikasu, pamenepo uonekera.

Thupi silingathe kupanga makarotenoidi, liwalandira m'cakudya. Ena mwa iwo, monga karotini, asanduka vitamini A m'matumbo, ndipo vitaminiyo isungika m'ciwindi. Mwana wosowa vitamini A saona bwino kukayamba kuda, ndipo cikuku cikamgwira cimzunza koopsa. Cifukwa cace m'caka ca 1998 boma la Zambia linalamula kuti m'shuga azithiramo vitamini A, ndipo m'caka ca 2012 alimi anapatsidwa mbeu ya cimanga cofiirira cokhala ndi karotini.

Koma utotowu uli ndi nkhani inanso, ndiyo ya nthenda ya shuga. Nsima ndi buledi zikagayika m'mimba zisanduka shuga wolowa m'mwazi. Tsono kapamba atulutsa insulini, imene itsegulira shugayo njira yolowera m'minofu kuti akapatse mphamvu. Munthu akanenepa kwambiri, makamaka pamimba, thupi lace lileka kumvera insulini, ndipo shuga acuruka m'mwazi, naononga maso, impso ndi mapazi. Kawirikawiri nthendayi idza pamodzi ndi kuthamanga kwa mwazi.

Madokotala a ku America ndi ku Australia atapima mwazi wa anthu ambiri, anapeza kuti onenepa kwambiri ndi odwala shuga ali ndi makarotenoidi ocepa kusiyana ndi anzao. Zifukwa zace n'zitatu. Coyamba, amene akhuta vitumbuwa, machipisi ndi zakumwa zotsekemera, malo a ndiwo zamasamba amcepera m'mimba. Caciwiri, makarotenoidi asungunuka m'mafuta, cotero mafuta a m'thupi awagwira, ndipo otsala m'mwazi acepa. Cacitatu, utotowu utha msanga m'thupi lodwala ndi m'thupi la wosuta fodya, pakuti ugwira nchito yochinjiriza minofu kuti isaonongeke.

Anthu ena anaganiza kuti, bwanji osangomwa karotini wa m'mapilitsi? Anayesa ku Finland pa amuna osuta fodya oposa 29,000, ndipo m'caka ca 1994 zinadziwika kuti khansa ya m'mapapo inacuruka mwa omwa mapilitsiwo kuposa mwa osamwa. Cotero kucuruka kwa makarotenoidi m'mwazi ndiko cizindikiro cakuti munthu akudya bwino. Thandizo lace liri m'ndiwo zenizenizo. Ngakhale shuga wa vitamini A uja salowa m'malo mwa ndiwo, ndipo womthira wambiri m'tiyi angonenepa naye.

Mai wanzeru akamaphika cibwabwa athiramo nsinjiro kapena mafuta pang'ono, pakuti popanda mafuta matumbo alandira utoto wocepa. Akamafutsa masamba awayanika pamthunzi, cifukwa dzuwa liononga karotini. Mbatata yofiira m'kati aikonda koposa yoyera. Nayenso mwana wa ku Matero kapena ku Mtendere, akapatsidwa ndalama yopita nayo ku sukulu, ayenera kulingalira asanagule masuwiti, pamene bango lakupsa liri pa tebulo lomwelo.

MAFUNSO
1. Chulani ndiwo zisanu za pa msika zokhala ndi makarotenoidi.
2. Kodi insulini igwira nchito yanji m'thupi?
3. N'cifukwa ninji makarotenoidi acepa m'mwazi wa munthu wonenepa kwambiri?
4. Kodi anapeza ciani ku Finland m'caka ca 1994?
5. Lembani zonse zimene munadya dzulo, ndipo cekani mzere pansi pa zokhala ndi utoto umenewu.