Malangizo: Bala la moto likayamba mafinya

Omvera athu a pa Kamwendo, mu June ndi July ana ambiri amapsa ndi mbaula pootha moto. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Osapaka Colgate kapena dzira.

Koma nkhani yanga lero ndi makapisozi a Amoxicillin. Ena mumagula pamsika, n'kumawaza ufa wake pabala. Lekani! Tizilombo timangozolowera mankhwalawo, bala n'kumanyekabe.

Kuchipatala amapaka silver sulfadiazine, komatu si wa aliyense. Mayi wotsala pang'ono kuchira, khanda losakwana miyezi 2, ndi amene Bactrim amamuwenga, sayenera kupakidwa. Muuzeni dokotala zimenezi.

Bala likatuluka mafinya, likanunkha, thupi n'kutentha, nyamukani lero lomwe, pitani ku chipatala cha Mchinji.