Mwana wofatsa wasintha ku yunivesite

Zikomo mayi athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu ngofatsa chibadwire, ndiye mukuopa kuti kufatsako ndiko kwamudwalitsa maganizo ku yunivesite. Ayi mayi, kufatsa si matenda. Amene vutoli limakonda kuwagwira ndi ana odera nkhawa chilichonse, komanso aja ozolowera kukhala nambala wani, oti akalephera mayeso amodzi amadziona ngati achabechabe. Koma izi mwalembazi, zoti sakugona, nsima akungoiyang'ana, foni sakuyankha, zikapitirira masabata awiri si chibadwanso ayi. Musamukalipire kuti ndi ulesi. Kamuoneni sabata ino, mupite naye kuchipatala. Ku St John of God, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, aphungu aliko. Akangotchula zodzipha, chonde musadikire kuti kuche.