Mawu a Chingerezi amene amasintha akafika kuchipatala

Achinyamata anzanga, phunziro la mwezi uno ndalitenga pa zimene ndinaona ndili mtsogoleri wa kalabu yathu kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Balaka. Tsiku lina mnyamata wa Fomu 2 anabwera kuchokera koyezetsa magazi akumwetulira. "Achimwene, zayenda! Ndili positive!" Mtima wanga unangoti myuu.

Nditamufunsa bwinobwino, ndinapeza kuti mlangizi anamuuza m'Chichewa kuti alibe kachirombo ka HIV. Iye pofuna kumveka wapasukulu anamasulira yekha: poti nkhani ndi yabwino, ndiye kuti ndi "positive". Vuto linali lakuti anali atauza kale anzake pamsika. Pofika Lolemba, palibe amene anafuna kukhala naye benchi imodzi.

Sindimuseka. Kuno ku Balaka ndi ku Machinga ambiri timalankhula Chiyao kunyumba, Chichewa kumsika, Chingerezi m'kalasi, ndipo aphunzitsi akati "positive" amanena zinthu zabwino. Koma mawuwa anachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake lakale ndi chinthu chimene chaikidwa, chimene chilipo ndithu. Achipatala amagwiritsa ntchito tanthauzo limeneli. Akati positive, ndiye kuti chimene amafufuza chapezeka, kaya ndi malungo, mimba kapena HIV. Akati negative, sichinapezeke. Apa samalani: ngati mwagonana mosadziteteza posachedwapa, kachirombo kamatha kusaoneka poyeza. Nthawi imeneyi amaitcha "window period", ndipo n'chifukwa chake mlangizi amakuuzani tsiku lodzayezetsanso.

Zimene anzake anamuchitira mnyamata uja ndi zimene timati "stigma". Mawu awa ndi akale kwambiri. Kwa Agiriki akale, stigma chinali chizindikiro chimene ankachitema pakhungu la kapolo kapena munthu wopalamula, kuti aliyense womuona adziwe kuti uyu si mnzathu. Ife timati kusalana, ndipo mawu athuwa ndimawakonda chifukwa amaloza amene akusala mnzake. A Chingereziwo amatikumbutsa chinthu china: chizindikirocho munthu sabadwa nacho, amachita kumuika ndi anthu. Mnyamata uja analibe kachirombo, koma chizindikiro anali nacho teremu yonse.

Palinso mawu amene anatha ntchito, ngakhale mudzawapezabe m'mabuku akale a kalabu. Amodzi mwa iwo ndi "AIDS victim". Victim m'Chilatini inali nyama yokaphedwa pansembe, yongodikira mpeni. Mu 1983, anthu odwala Edzi anakumana mumzinda wa Denver ku America ndipo anakana kutchedwa choncho, ati iwo ndi anthu choyamba, matenda pambuyo. Kuno kwathu, kuyambira 2004 pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'zipatala, mawuwa sagwirizananso ndi zimene maso athu akuona. Amayi amene akugulitsa mpunga ku Liwonde, akulipirira ana fizi, akumwa mankhwala zaka 20, mungawatche nyama yansembe? Masiku ano timati munthu amene ali ndi HIV, basi.

Mawu omaliza ndi atsopano, ndipo ndi amene ndikufuna muwaloweze pamtima: "undetectable". "Detect" ndi kupeza chinthu chobisika, ndipo "un" kutsogolo amakanira. Munthu akamamwa ma ARV mwandondomeko, tizirombo timachepa m'magazi mpaka makina oyezera "viral load" satipeza. Sikuti wachira ayi, akasiya mankhwala timachulukanso. Koma pamene ali undetectable sangapatsire mnzake HIV pogonana. Matenda ena opatsirana pogonana ndi mimba, zimenezo ndiye zimafunabe kondomu.

Zochita ku kalabu sabata ino: lembani pabolodi mawu asanu awa: positive, negative, window period, stigma, undetectable. Gawanani awiriawiri. Wina akhale mlangizi, wina akhale agogo a ku Ntaja amene sanapite kusukulu. Mlangizi afotokoze mawu amodzi m'Chichewa kapena m'Chiyao osatchulamo Chingerezi n'kamodzi komwe. Agogo akapanda kumva, afunse mosachita manyazi, ndipo mlangizi ayambirenso.