Mwapita ku holide, m'mimba mwatseka: chikuchitika n'chiyani?

Ndili Fomu 2, amalume anandiitana kuti ndikadye nawo Khirisimasi ku Lilongwe. Kwathu chimbudzi chinali chokumba, kuseri kwa khola la mbuzi, kutali ndi maso a anthu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapitako osaganizira n'komwe. Kwa amalume chinali cha m'nyumba, chogejemula, chitseko chake chitayang'anizana ndi pabalaza pomwe banja lonse limaonera TV. Tsiku loyamba thupi litandiuza kuti nthawi yakwana, ndinati aa, alendo achoke kaye. Tsiku lachiwiri ndinati ana agone kaye. Pofika lachitatu thupi linasiya kundivutitsa, ine n'kumati zayenda. Tsiku lachisanu mimba inali gwa ngati ng'oma, ndipo mpunga wa nkhuku womwe ndinaulota chaka chonse ndinkangouyang'ana.

Posachedwapa mutseka sukulu. Ena mupita kwa achibale m'tauni, ena kunyanja, ena mukwera basi ya ku Johannesburg kukaona makolo. Ena mwa inu zimene zinandionekera ine zikuonekerani, ndipo simudzauza munthu. N'chifukwa chake ndati tikambirane pano. Mwina mukuti, sala, imeneyi si nkhani ya aphunzitsi a Biology? Ndi yawodi, koma mkati mwake muli nthawi, pressure, friction ndi ngodya, ndiye nanenso ndili ndi gawo.

Tiyambe tamvana pa mawu. Kudzimbidwa timakutchula pawiri. Munthu akadya kwambiri paukwati n'kumageya zowawasa timati wadzimbidwa. Si zimene ndikunena lero. Ndikunena za kutha masiku osachita chimbudzi, kapena kuchita cholimba, chouma, chotuluka movutikira. Komanso musaganize kuti munthu wabwinobwino ayenera kupita tsiku lililonse. Madokotala amati kuyambira katatu pa tsiku mpaka katatu pa sabata zonsezo zili bwino. Choti muziyang'ana ndi kusintha kwa chizolowezi chanu inuyo.

Madzi amapita kuti?

Chakudya chikachoka m'chifu chimadutsa m'matumbo aang'ono, momwe thupi limatengamo zofunika. Zotsala zimalowa m'matumbo aakulu, omwe ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Polowa m'menemo zimakhala zamadzimadzi ngati phala la mwana, pafupifupi malita 1.5 pa tsiku. Ntchito yaikulu ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi amenewa kuti abwerere m'magazi. Amaigwira bwino ntchitoyi moti madzi otuluka ndi chimbudzi amangokhala mamililita 100 mpaka 200 basi.

Apa ndiye pagona nkhani. Matumbowa sadziwa kuti muli kwa eni, sadziwa kuti mukuchita manyazi. Malinga ngati zotsalazo zili m'katimo, iwo akuyamwabe madzi. Chimbudzi chabwino magawo atatu mwa anayi ake ndi madzi, ndipo akangochepa pang'ono chimalimba kwambiri. Aliyense amene anaphikapo nsima amadziwa zimenezi: kusiyana kwa nsima yofewa ndi yolimba ngati mwala ndi kaufa kadzanja limodzi.

Tsopano kumbukirani phunziro la friction. Matumbo amakankha zinthu pofinya, mbali ina ikafinya yotsatira n'kumasuka, monga mmene mumafinyira Colgate ikamatha. Kufinya kumeneku kumatchedwa peristalsis. Chinthu chonyowa, chofewa, chimaterereka ndiponso chimasintha maonekedwe kuti chikwane panjira. Chouma chimakhuzana ndi khoma la thumbo, sichipindika, ndipo chimafuna mphamvu yochuluka kuti chisunthe. Chikamayenda pang'onopang'ono chimakhalitsa, chikakhalitsa chimauma kwambiri, chikauma chimayenda pang'onopang'ono kuposa kale. Mwaona mmene zikuzungulira? Tsiku limodzi lozengereza limabala masiku anayi.

Nanga n'chifukwa chiyani pa tsiku lachitatu lija thupi linasiya kundiuza? Kumapeto kwa matumbo kuli gawo lotchedwa rectum. Zotsala zikafikamo, khoma lake limatamuka, mitsempha n'kutumiza uthenga ku ubongo woti pitani. Mukakana, khomalo limamasuka, malo amakula, pressure imatsika, uthenga uja n'kuzilala. Katundu sanachoke, alipo ndithu, kungoti belu lasiya kulira. Mukazolowera kukana, belulo limayamba kulira mochedwa komanso motsika.

Ulendo umasokoneza zinthu zingapo nthawi imodzi

Taganizani za tsiku loyenda. Mukudziwa kuti basi siima paliponse, ndiye kuyambira m'mawa simumwa madzi poopa kuvutika ndi mkodzo panjira. Wopita ku Johannesburg kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge amakhala pampando tsiku lonse ndi usiku womwe, mwinanso kuposa pamenepo malinga ndi mizere ya pamalire. Thupi likasowa madzi limasunga alionse amene lingapeze, ndipo matumbo aakulu ndi amodzi mwa malo amene limawatenga. Kukhala pansi osayenda kumachedwetsanso matumbo. Pawindo mukugula chani? Tchipisi, masikono, mabisiketi, Fanta. Kenako mwafika kwa eni, kuja kogona pakati pa usiku chifukwa cha mafilimu, kudzuka 10 koloko, chakudya cham'mawa osadya.

Chomalizachi anthu amachipeputsa. Matumbo aakulu amakhala phee usiku, n'kudzuka mwamphamvu m'mawa. Ndiponso chakudya chikangolowa m'chifu, uthenga umapita kumatumbo aakulu kuti akonze malo. Zimenezi zimatchedwa gastrocolic reflex, ndipo n'chifukwa chake ambiri amafuna kuchimbudzi atangomwa tiyi kapena phala. Ndi mwayi waulere umene thupi limakupatsani m'mawa uliwonse. Mukaugonera, wapita.

Mgaiwa ndi ufa woyera

Dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda. Dzina lake limadziwika chifukwa cha khansa ya ana yotchedwa Burkitt's lymphoma, koma anachitanso kafukufuku amene ambiri akanamunyansidwa: kuyeza chimbudzi cha anthu pa sikelo. Mu 1972 iye ndi anzake analemba zimene anapeza mu The Lancet. Anthu a kumudzi ku Uganda ankatulutsa magalamu oposa 400 pa tsiku, ndipo chakudya chinkadutsa m'thupi mwawo m'maola osakwana 40. Ana a sukulu zogonera konko ku England ankatulutsa pafupifupi magalamu 110 okha, ndipo chakudya chinkatenga maola oposa 70. Burkitt anati kusiyanaku kunkachokera ku fibre.

Fibre ndi mbali ya zomera imene thupi lathu siligaya: madeya a chimanga, makoko a nyemba, timitsitsi ta m'mango, ulusi wa m'masamba. Imagwira madzi ngati siponji, moti zotsala zija zimakhala zambiri komanso zofewa. Zikakhala zambiri zimatamula thumbo, thumbo n'kufinya mwamphamvu, zonse n'kuyenda msanga zisanaume.

Ndiye onani zimene timachita. Popanga ufa woyera timakonola chimanga, madeya n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba. Fibre yambiri yapita pamenepo. Mgaiwa umagayidwa ndi zonse. Ndikudziwa kuti ambiri a inu a kuboding'i mwatopa nayo nsima ya mgaiwa ndi nyemba, ndipo mukuwerenga masiku kuti mukadye buledi woyera, mpunga ndi nyama. Sindikukuletsani, inenso nyama ndimaikonda. Koma dziwani kuti matumbo anu akhala miyezi itatu akulandira fibre yambiri, kenako mwadzidzidzi mwawadulira. Nyama, mazira ndi nsomba zilibe fibre ngakhale pang'ono.

Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a fibre pa tsiku. Palibe amene amayenda ndi sikelo, choncho chitani chapafupi: pa mbale iliyonse pakhale masamba, kaya nkhwani, bonongwe, chisoso kapena therere, ndipo musakane nyemba, nandolo kapena khobwe zikaphikidwa. Holide ya Disembala ndiye ya mwayi chifukwa mango ali mbwee. Papaya lakupsa, malambe, mbatata yodyera kumodzi ndi khungu lake, chimanga chootcha, mtedza, zonsezi zimathandiza. Koma chenjezo: siponji youma sithandiza kanthu. Mukachulukitsa fibre madzi osamwa, mimba imangofufuma. Imwani madzi mpaka mkodzo ukhale woyererako, makamaka ngati muli kotentha monga ku Mangochi, ku Salima kapena ku Chikwawa komwe thukuta limatenga gawo lalikulu. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala, kuopa kuti mungathawe kudzimbidwa n'kukumana ndi kolera.

Nkhani ya ngodya

Gawo limeneli ndimalikonda chifukwa apa akumudzi ndi amene apambana. Pafupi ndi potulukira pali mnofu wotchedwa puborectalis. Umakoleka rectum ngati chingwe n'kuikokera kutsogolo, moti njirayo imapindika pafupifupi madigiri 90. Kupindikako n'kwabwino, ndi kumene kumakuthandizani kudzigwira muli m'kalasi. Amene munathirirapo dimba ndi paipi mukudziwa kuti mukaipinda madzi amachepa ngakhale mpopi uli wotsegula. Munthu akanyonyomala, mawondo akafika pachifuwa, ngodya ija imatseguka, njira n'kuwongokako. Akakhala pa chimbudzi chokhala ngati mpando, imatseguka pang'ono chabe.

Dokotala wina wa ku Israel, Dov Sikirov, anayesa zimenezi mu 2003 ndi anthu 28. Ponyonyomala ankatenga masekondi pafupifupi 51, koma atakhala pa chimbudzi cha mpando ankatenga pafupifupi 130. Anthu 28 ndi ochepa, ndipo ankadziwerengera okha nthawi, choncho musatenge manambalawa ngati lamulo la Newton. Komabe akugwirizana ndi zimene tikudziwa za paipi yopindika.

Ndiye mukapeza chimbudzi cha mpando, musakwerepo ndi mapazi. Ndikubwereza, musakwerepo. Munthu wa makilogalamu 55 amalemera pafupifupi 550 N. Akakhala bwinobwino, mphamvuyo imagawanika pamalo aakulu. Akaponda m'mphepete, yonse imathera pa timalo tiwiri tating'ono, ndipo mukudziwa kuti pressure ndi force kugawa ndi area. Mbale ya chimbudzi ndi dothi lootcha, silipindika, limangosweka, ndipo zidutswa zake zimacheka ngati galasi. M'malo mwake ikani kampando kakafupi, beseni lovindikira kapena njerwa ziwiri pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, weramirani kutsogolo, zigongono pa mawondo. Pumani bwinobwino, osatseka mpweya n'kumadzikakamiza mpaka maso kufiira. Kukakamiza kotero kumakweza pressure m'mitsempha ya magazi ya potulukira, n'kuitupitsa, ndipo chimbudzi cholimba chimatha kung'amba khungu la pamenepo. Pakatha mphindi zisanu kapena khumi palibe chachitika, dzukani, mukayesenso mukadya. Foni isiyeni kunja.

Za manyazi ndilibe formula. Chimene ndinaphunzira n'chakuti aliyense pabalaza paja amalowa m'chipinda chomwecho, amalume omwe. Ngati zikukuvutanibe, dzukani msanga ena akadali m'tulo, imwani madzi kapena tiyi, yendayendani panja, kenako pitani. Kwa ine anaitha nkhani ndi anti, akazi awo a amalume. Anaona kuti sindikudya, anandikokera kukhitchini n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Iwe, unapitako liti?" Ndinangoyang'ana pansi. Anandidulira papaya lalikulu, anandipatsa jagi ya madzi, n'kundituma kumsika wapansi m'malo mokwera minibasi. M'mawa mwake zinayenda, ngakhale kuti sizinali zophweka.

Zikakana

Mukayesa zonsezi kwa masiku awiri kapena atatu osasintha, uzani wamkulu mupite ku famase kapena kuchipatala. Kuli mankhwala a mitundu iwiri amene amaperekedwa kawirikawiri. Lactulose ndi shuga amene thupi siligaya. Amafika m'matumbo aakulu n'kukokeramo madzi mwa osmosis, yomwe ija munaphunzira ndi mbatata ya kachewere m'madzi a mchere, ndipo amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti agwire ntchito. Senna ndi bisacodyl amachititsa matumbo kufinya mwamphamvu, ndipo munthu akamwa usiku zotsatira zimabwera m'mawa. Awa ndi a masiku ochepa, si omwa tsiku ndi tsiku, ndiponso si ochepetsera thupi monga ena amanamizana. Atsikana amene mukumwa mapiritsi owonjezera magazi, dziwani kuti iron imatha kulimbitsa chimbudzi n'kuchidetsa. Musasiye kumwa panokha, auzeni azaumoyo. Zolowetsa sopo kapena madzi a zitsamba kumbuyo musayese, zimawotcha khungu lofewa la m'katimo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira papaya. Mimba ikatupa n'kumapweteka kwambiri, mukusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, thumbo likhoza kukhala kuti latsekeka kapena lapotana, ndipo zimenezo zimafuna chipatala tsiku lomwelo, usiku kapena masana. Chimodzimodzi ululu umene ukukulirakulira kumunsi kwa mimba mbali ya kumanja limodzi ndi kutentha thupi. Zikatero musamwe mankhwala otsegula m'mimba. Magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa, kapena kudzimbidwa kopitirira masabata awiri kapena atatu, nazonso akazione adokotala.

A Fomu 3, kantchito ka pa holide. Umbani timipira tiwiri tofanana ta dothi lonyowa. Kamodzi kakulungeni m'pepala la pulasitiki, kenako kasiyeni pamtunda. Pakatha masiku awiri yesani kukankha kalikonse m'chidutswa cha tchubu cha njinga pofinya ndi zala, ndipo mulembe chimene mwaona pogwiritsa ntchito mawu akuti friction ndi force. Ndidzaona makope sabata yoyamba tikatsegulira.